Nsengwa m'mbale yachitsulo

Tambala wa kuseri kwa chipatala cha Ulongwe asanalire
ndatsala ndekha ndi nsengwa yako, Erimelinda.
Ili m'mbale yachitsulo, idakali yofunda.
Ndikuitembenuza ndi zala ziwiri
ngati kalata yofika mochedwa.

Yachepa, siikufanana ndi miyezi yake.
Apa pali zigamba zotuwa, zolimba,
monga pangodya ya dimba pomwe madzi sanafike.
Apa magazi anaundana, natseka njira.

Bambo anga ankalima mbatatesi ku Tsangano.
Mvula ikatha ankapatutsa kamtsinje,
n'kumakulitsa ngalande ndi khasu, mamawa kuli chisanu,
kuti madzi alowe mwaulesi, osagumula mizere.
Ankati ngalande yopapatiza imakulanga pawiri:
madzi amadutsa mwaukali, mbewu n'kufabe ludzu.

M'chiberekero namonso ndi momwemo.
Miyezi yoyambirira, usanauze ngakhale mayi ako,
nsengwa imazika mizu m'khoma
kukapeza timitsempha topotanapotana
ngati tizingwe tomwe dzungu limagwirira mpanda.
Imatifewetsa, imatiyasamitsa kukamwa
kuti magazi azitsanuka phee, ngati m'thamanda.
Mwa iwe ntchitoyo inathera panjira.
Timitsempha tinakhalabe tothina, touma khosi,
magazi n'kumalowa mofinyika, mwa apo ndi apo,
mwana akudikira kunsi kwa ngalande.

Ndipo nsengwa yanjala sikhala chete.
Inathira madandaulo ake m'magazi ako,
iwo nayenda thupi lonse, khomo ndi khomo,
mpaka mitsempha yako nayo inafinyika, inayamba kuchucha.
Impso zinatayira m'mkodzo zomwe zimayenera kusunga.
Mphete inakakamira pachala.
Patapata anakana phazi.
Anthu anati kutupa n'kwa pakati paliponse,
mwinanso ndi amapasa, seka.
Iwe unkaona tinyenyezi dzuwa lili paliwombo
pamsika wa Domwe, ukuunjika tomato,
mutu ukugunda ngati wina akukhoma msomali kuseri kwa diso.

Anabwera nawe pa njinga yamoto usiku,
atakumangirira ndi kapulana kumsana kwa Bonifasiyo
kuti ungagwe pa mabampu.
Lamba wopimira ndinamupopa kawiri pamkono pako,
kachitatu ndinasintha mkono,
nambala osatsika.
Jekeseni thako ili, jekeseni thako linalo,
kuti thupi lingayambe kugwedezeka.
Adokotala anangoti: nsengwa ituluke,
ndipo mwana atuluke nayo, masiku akwane asakwane.

Ali uko tsopano, kilo imodzi ndi theka,
pachifuwa cha mng'ono wako, m'kati mwa bulangete.
Kakuyamwa chibakera chake mwaukali
ngati munthu wodzatenga ngongole yakale.

Bonifasiyo wandiimitsa pakhonde, chipewa m'manja.
Akufuna dzina.
Akuti pali wina amene anamanga mfundo,
mwina uja anakangana naye za malire a munda.
Ndikanakonda kumutengera mbale iyi
kuti aone yekha poyera:
palibe ulusi, palibe singano, palibe dzanja la munthu.
Sunadye cholakwika, Erimelinda.
Sunadumphe kanthu panjira.
Ndi timitsempha chabe, tochepa ngati ulusi wosokera,
tomwe sitinatseguke pa nthawi yake,
ndipo chifukwa chake chenicheni
ngakhale mabuku anga amachita chibwibwi.

Ndalemba kulemera kwake m'kaundula.
Ndavundikira mbale.
Madzi a pampopi akuzizira mpaka m'mafupa.

Koma sindikhala pansi ayi.
Matendawa satuluka pakhomo limodzi ndi nsengwa,
amatsalira masiku angapo, kuyendayenda m'makhonde.
Ola likakwana ndibweranso ndi lamba uja,
ndidzagogoda bondo lako, ndidzayang'ana thumba la mkodzo,
ndidzakufunsa ngati ukundiona mmodzi kapena awiri.

Ukadzuka udzafunsa za mwana, ndikudziwa.
Kenaka za tomato uja unasiya pamsika.