Maiwe Atatu Kuseri kwa Tauni

Tikambenji wabwera ndi funso la kusukulu:
"Atate, laguni n'chiyani?"
A Mshanga anawajambulira pa bolodi
dziwe la m'mphepete mwa nyanja yamchere,
mchenga utaima pakati ngati woleretsa ndewu,
uku mafunde akukalipa,
uku madzi ali phee, osaya, ofunda.

Ndinaseka mpaka kutsokomola.
Nyanja yamchere sindinaionepo ine,
ulendo wanga wautali unathera pa Mwami.
Koma mawuwo ali pa kalata yanga ya ntchito
zaka khumi ndi zinayi tsopano.

Loweruka ndinamukweza pa kaliyala,
tinadutsa Kapata anthu akuyala kaunjika.
Fungo linatilonjera tisanafike pa geti.
Anagwira mphuno.
Gwira, mwanangu, nanenso ndinagwira chaka choyamba.

Dziwe loyambali, lakuda bii,
limalandira zonse zimene Chipata watsekera chitseko:
za bwana wa kubanki, za wogulitsa tomato, za abusa.
Paipi safunsa dzina.
Zolemera zimamira, n'kumatuwira pansi
ngati mowa wosatsalulidwa.
Lachiwiri n'lobiriwira,
ndere zikudya dzuwa,
tizilombo tosaoneka tikugwira ntchito
tosadziwa tsiku la malipiro.
Lachitatu, taona wekha,
kakowa uyo waima ndi mwendo umodzi.

Injini palibe pano, mankhwala palibe.
Dzuwa, mphepo, ndi kudikira basi.
Yanga n'kuvuula mapulasitiki ndi matewera pa sefa,
kutchetcha udzu kuti udzudzu usamange mudzi,
kuthamangitsa anyamata a mbedza,
ndi kukangana ndi Nachisale wa kumadimba
amene amabowola khoma Okutobala akapsa,
ati repu wake sangadikire dziwe lachitatu.

"Ndiye ndilembe iti, atate,
ya a Mshanga kapena yanu?"

Ndinayang'ana phiri la Kanjala
litagona chadodolido m'madzimo.
Lemba kuti ndi madzi otchingiridwa
kuti apume,
ena athawa mkwiyo wa nyanja,
ena athawa manyazi athu.

Analemba atakhala pa chitoliro,
kope pa bondo, dzanja lina litagwira tsamba.
Mphuno anaiiwala.

Lachiwiri kope linabwera
ndi cholembera chofiira m'mbali:
theka la malikisi,
ndi mawu akuti, "Ku Chipata kulibe laguni."

Ndinawerenga kawiri.
Kenaka ndinavala majombo,
ndinapopa tayala lakumbuyo,
n'kupita kumene kulibeko.