Galu wa a Namangale

Mandasi ndinamuika Lachiwiri, kuseri kwa bafa,
pamene dothi la Chilomoni limafewako ndi madzi a sopo.
Khasu linali lobwereka.
Ndinamukulunga m'juzi yanga yakale,
ija anaitafuna mkono ali kamwana.
Palibe anabwera kudzapepesa.
Mchemwali wanga pafoni anati,
"Ukulira galu? Anthu akamva aziti chiyani?"
Ndinati ayi, ndi chimfine.

Mbale yake ndinaisiya pomwepo pakhonde,
nyerere zinaitsuka zokha.
M'mawa uliwonse ndinkatsegula chitseko pang'onopang'ono
kuopa kumugunda mphuno,
kenako n'kukumbukira.

Kuseri kwa mpanda kuli a Namangale,
anapuma ntchito pafamu ina kumtunda kwa Dedza.
Anabwera m'tauni ndi njinga, wailesi,
ndi galu woweta nkhosa, wotuwa ngati mitambo ya Juni,
n'chifukwa chake anamutcha Chiperoni.
Kuno kulibe nkhosa.
Amangoweta nkhuku za mayi Chigwenembe,
ana a sukulu akaweruka,
ngakhale majumbo ouluka ndi mphepo ya ku Michiru.
Amazizungulira mimba ili pansi, makutu ali tcheru,
kufuna zonse zikhale pamodzi.

Patapita sabata analowera
paja panagumuka njerwa ndi mvula ya chaka chatha.
Ndinali pasitepe, tiyi atazizirira m'manja.
Sanabwere kwa ine.
Anapita kuseri kwa bafa, nanunkhiza dothi latsopano lija
nthawi yaitali,
kenako anakhala pansi, osakumba, osauwa.
Mumtima ndinati, kani iwe ndiwe woyamba
kufika pamaliro ano.

Ndinamuthamangitsa.
Sindinkafuna ubweya wina pasiketi yanga.
Mawa lake anabweranso.
Anandizungulira, n'kundikankha ndi mphuno kumbuyo kwa mawondo,
kuchoka pakhonde mpaka pageti,
kuchoka pageti mpaka mumsewu.
Ndinangozindikira ndili pagolosale ya a Twaibu
nditavala masilipasi osiyana,
ndikugula buledi ndi makandulo
koyamba chichokereni Lachiwiri lija.

A Namangale anaseka, mano atatu okha kutsogolo.
"Musamukwiyire, mayi. Ameneyu sagona
akaona imodzi yatsalira m'mbuyo."

Chiperoni si Mandasi.
Mandasi ankaba nyama pambaula, ankaopa mabingu,
ankagona chagada, miyendo m'mwamba
ngati munthu amene kachasu wamugonjetsa.
Uyu ndi wantchito. Sanyambita munthu,
mpira wa mapepala amangouyang'ana ukudutsa.
Ndiponso si wanga.
A Namangale akaimba likhweru
amanyamuka osacheuka n'komwe.

Komabe madzulo magetsi akathima,
majenereta a ku Namiwawa akulira chapatali,
ndimamva zikhadabo pasimenti.
Amagona pakati pa ine ndi geti,
amandiwerenga ndi maso: imodzi. Yakwana.
Ndimalowetsa zala muubweya wa m'khosi mwake,
muli chisoso cha m'tchire la kuphiri,
ndimachithothola chimodzichimodzi
uku ndikumuuza za Mandasi,
za minibasi ija yomwe sinaime,
za kondakitala amene anapitiriza kukuwa, "Tauni! Tauni!"
ine nditagwada m'fumbi ndi jumbo ya tomato.
Sayankha.
Khutu limodzi amalozetsa kwa ine,
linalo kwa mbuye wake kuseri kwa mpanda.

Dzulo ndinatsuka mbale ija,
sopo mpaka pansi pamene panaphwanyika.
Ndinathiramo madzi, n'kuiika pamthunzi wa mtengo wa mapeyala.
Anainunkhiza kaye, anandiyang'ana,
kenako anamwa, madzi akudontha kuchibwano.
Theka anasiya.
Sindinawataye mpaka kunada.