Mitsempha ya ku Joni

Agogo anga anabwera kuno pa Wenela
kudzalondola mtsempha wa golide pansi pa thanthwe.
Ine ndinabwera pa basi, pepala la unamwino lili m'chikwama,
ndipo mtsempha umene timakumba ife
uli m'mwendo wa munthu.

Lachiwiri, ku Sandton, nsanjika yachinayi.
Mayi Oosthuizen amangomva kukoka mu akatumba
akamakwera chitunda ndi galu wawo.
Akanangouzidwa kuti siyani fodya, muziyenda, tidzaonane.
Koma khadi lawo la inshuwalansi ndi lonona,
ndipo mnyamata wa kampani wafika kale,
wavala kachipewa ka pepala ngati ife,
waima kumsana kwa adokotala, akunong'ona manambala.
Kachubu ka waya, kowonda ngati udzu,
mtengo wake nyumba ya malata kwathu ku Ntcheu.
Tinaika tiwiri.
Amene anang'amba mapaketi ndine.

Lachisanu usiku ndimagwira ganyu ku Soweto.
Bambo Sithebe, mlonda wa pageti, odwala shuga.
Chala chinayamba kuda mu Epulo,
anawalembera tsiku la mu Seputembala.
Ndinakhazika zala pa phazi lawo kufuna kugunda kwa magazi,
zii, ngati mjigo wouma.
Anandifunsa ngati nsapato inayo angaigulitse payokha.
Tinadula pansi pa bondo.

Adokotala athu si mfiti ayi.
Ndinawaona ndi maso angawa, tambala asanalire,
akusoka mtsempha wa mwana wolasidwa ndi chipolopolo
ndi ulusi wochepa kuposa tsitsi,
osafunsa n'komwe za khadi.
Kungoti chaka chino agula makina a manja anayi,
a pangongole,
ndipo ngongole imadya miyendo:
khumi pa sabata, akutero a kuofesi,
yodwala ikapanda kukwana, ilipo ina yongotopa.

Ophunzira akubwera, ana a nzeru zawo.
Ndimawaona akuyang'ana kanema wa pakhoma
osagwirako phazi.

Amati mbuzi imadya pomwe aimangirira.
Changa chingwe ndi fizi ya Tadala,
ndi lendi ya kachipinda ku Turffontein.

Opaleshoni ikatha ndimawerenga nsalu zopukutira magazi,
masingano, timipeni,
kuti kanthu kasatsalire m'thupi la munthu.
"Zakwana, adokotala," ndimatero mokweza.
Kenako ndimavula magolovesi, n'kusamba,
n'kusambanso.