Telala pa Bedi Lachisanu

Zaka makumi atatu ndasoka ku Kapata,
pakhonde la sitolo ya zitenje.
Lero nsalu ndine.

Ndinadikira sista Nkhuwa amatule bandeji
kuti ndione dzanja la amene anandisoka.
Mfundo zisanu ndi ziwiri, ulusi wabuluu,
yachinayi yapendekera pang'ono.
Akanakhala wophunzira wanga
ndikanati: sasula, yambanso.
Ndinakhala chete. Mimba si mpendero wa diresi.

A Mshanga, bedi la kuzenera,
anawatseka ndi tizitsulo,
mzera wonyezimira ngati zipi ya chikwama.
Akuti adokotala sanachedwe,
kha! kha! kha! basi,
ngati kalaliki wa kuboma akumanga mapepala.
Usiku amadandaula kuti bulangete likukola.

Kamnyamata ka ku Mchini, kochotsedwa chotupa pachipumi,
anangokamata ndi guluu.
Palibe singano, palibe kubwera kudzachotsa.
Ndinaseka mpaka bala linandikumbutsa.
Guluu? Kwathu kumsika timamatira nsapato.

Madzulo timatsutsana, malaya m'mwamba,
aliyense kutama chipsera chake chisanabadwe.
Sista, akudutsa ndi thireyi, anati:
pena pamakoka, pena pamapindika, pena pali tsitsi,
khungu limapempha mosiyana.
Ife timangogwirizira milomo ya bala.
Wosoka weniweni ali mkatimo.

Tsiku lakhumi anadula mfundo zanga imodziimodzi.
Ndinasuzumira. Ulusi wachoka,
msoko wagwira.

Ndabwerera pamakina anga.
Nsalu ndikaisiya usiku,
m'mawa ndimaipeza
ikadali yong'ambika.