Nsalu ya Kanema

Chaka chomwe ndinakwanitsa zaka makumi awiri
ndinapeza ganyu pa lole ya kampeni.
Twaibu ankaonetsa kanema,
ine ndinkanyamula nsalu yoyera
ndi zingwe zake zinayi.

Tinanyamuka pa Salima kusanache,
matumba a mchere, zitenje za nkhope ya bwana,
ife awiri kumbuyo ngati katundu woiwalika.
Pa Khombedza tayala linalowa m'dzenje,
ndinagwera pachifuwa pake.
Sanapepese.
Nanenso sindinadzuke msanga.

Madzulo aliwonse bwana ankatulukira pansalu
kudzalonjeza mlatho,
mlatho womwewo pa Thavite, womwewonso pa Benga,
anthu nkumaomba m'manja, fumbi lili m'mano.
Ine ndinkaonera kuseri kwa nsalu.
Kumeneko dzanja lake lamanja limasanduka lamanzere,
bodza lokha ndi lomwe silisintha mbali.

Titangodutsa Chia mafuta anatha.
Dalaivala anapita ndi chigubu, anagona komweko.
Tinayala nsalu ija kunsi kwa lole,
ndipo pomwe pankagwera pakamwa pa bwana
mpomwe ndinaika msana wanga.
Twaibu ankanjenjemera kuposa jenereta.
Anandifunsa katatu ngati ndikufunadi.
Chibadwire palibe anandifunsapo zimenezo,
kaya kunyumba, kaya kutchalitchi,
kaya awo ofuna voti yanga.
Kachitatuko ndinamuyankha osalankhula.

Kutacha nsalu inali ndi banga la oyilo.
Tinachapa ndi sopo, tinachapa ndi mchenga, ayi ndithu.
Usiku umenewo pa Nkhotakota boma
bwana analonjeza mlatho ali ndi chipsera patsaya,
chongokhala phee iye akamagwedeza mutu.
Amayi ogulitsa mpunga anaseka mpaka kugwirana.
Kenaka miyala ya anyamata a chipani china,
kenaka utsi wokhetsa misozi,
ife nkumathawira ku Linga dzanja m'dzanja,
nsalu ili kukhwapa.

Malipiro athu anali malaya awiri,
onse aakulu.

Tsiku lovota ndinalowa ndekha m'kabokosi kaja.
Chomwe ndinachonga sindinauze munthu, ngakhale Twaibu.
Inki inachoka pachala patatha sabata.
Iye anakwera basi ya ku Joni mvula isanagwe,
makalata ake anatha ngati mchere uja.

Mlatho tikuudikirabe.
Nsalu ndinaidula pakati, ili pa mawindo anga awiri.
Dzuwa likaomba m'mawa banga lija limagwera pakhoma,
mwana wanga amati ndi mapu a dziko.
Sindimutsutsa.