Chithunzi cha Doko

Lachiwiri, m'kalasi ya pamwamba pa phiri ku Valparaíso,
ndinayala chithunzi cha doko patebulo.
"Mukuona chiyani?"

Amaro sanandiyang'ane.
Chala chake chinatsetsereka mpaka pakona:
"Mazenera khumi ndi awiri. Limodzi ndi losweka.
Chingwe ichi anamanga mfundo yolakwika."
Sitima yonseyo, chimphona chotere,
anaidutsa ngati palibe.
Ine zaka zisanu ndili ndi chithunzichi,
zenera loswekalo ndinali ndisanalione.

Ignacia anaona zonse nthawi imodzi:
mayi wakweza dzanja, sitima ikuchoka,
wina sabwerako msanga.
Anatsegula pakamwa,
mawu n'kumuima pakhosi ngati munga wa nsomba.
"A... apita." Kenaka zii.
Anagwira pamtima, n'kubayibitsa.

Fomu ya ofesi ili ndi mabokosi awiri okha:
wakhoza, walephera.
Cholembera ndinachiika pansi.

Kunja chikepe chakale chinkalira pokwera phiri.
Amaro anayamba kuwerenga mawilo ake,
koma Ignacia anamukoka malaya
namulozera mayi uja.
Anayang'anitsitsa, kwa nthawi ndithu.
"Chingwe cha nsapato yake chamasuka.
Anabwera akuthamanga."
Ignacia anagwedeza mutu, mwamphamvu, kawiri.