Mtumbira wa pa Chishalo

Chishalo cha njinga yanga yamoto chinatha kalekale.
Siponji inafota ngati fodya wa m'chigafa,
ukakhala, chitsulo chimakupatsa moni,
ndipo chinapendekera kutsogolo:
kungoponda buleki, wokwera aliyense tsetsereku,
pamsana panga khu!

Matumba a kachewere sadandaula.
Koma Lachiwiri ndinali woti ndinyamule apongozi,
a Nangozo, amene chikwatirire mwana wawo
sitinayang'anepo m'maso,
amene tikakumana panjira amapatukira m'chimanga.
Ng'ala yawaphimba maso onse awiri
ndipo dokotala wake ali ku Tete,
kutali, kumunsi kotentha.

Ndinakankhira njinga kwa Jelevaziyo,
wosoka nsapato kuseri kwa msika wa Ulongwe.
Ndinati, ikanimo siponji yambiri, yofewa ngati buledi.
Anaseka, timisomali tili kukamwa.
Yofewa imanyenga, achimwene.
Pofika pa Musakama idzakhala itagona kale
ndipo fupa lidzapeza chitsulo chake.

Anasenda chikopa chakalecho.
Pansi anayala labala wa patapata zakutha,
pamwamba siponji youma ya mpando wa basi yakufa,
kenako kachidutswa ka matiresi, kuchindikala kwake chala chimodzi.
Anasema ndi mpeni wosendera mbuzi,
nandikhazika, nandidzutsa, nandikhazikanso,
akulemba ndi khala pamene mafupa anga aponda.
Pamene pakupweteka sitiwonjezera, anatero, timakumba.

Apo ndinatsitsa mawu:
pakati apa muumbepo kamtumbira.
Ka chiyani?
Apongozi.
Sanasekenso. Nayenso ndi mkamwini.
Anayeza zala zinayi, anaganiza,
nawonjezera chachisanu.

Chikopa chakuda anachikana.
Dzuwa la ku Tete limakazinga dzira pachishalo, anatero,
nakuta ndi tenti yotuwa ya lole,
ulusi wake wa m'thumba la feteleza.
Mametikali mazana anayi
ndi ndowa ya kachewere ya ngongole.

Tinanyamuka nkhuku zisanatsike,
chifunga chili m'mawondo,
iwo atagwira chitsulo cha kumbuyo ndi manja onse awiri.
Maenje, mbuzi zodumpha msewu,
fumbi la malasha la ku Mwatize,
buleki, buleki, bulekinso,
mtumbira uli nji.
Ngakhale chigongono sichinandikhudze.
Matako anga, omwe amafa pa Musakama,
anafika amoyo.

Pamlatho wa Zambezi anafunsa mphepo,
osati ine:
kodi kununkhaku ndi madzi?
Ndinayankha galasi la kumanzere:
ndi madzi, ambiri.

Pobwera, patatha masiku asanu,
diso limodzi linali lotsekula.
Anawerenga milambe mokweza mpaka makumi atatu,
anadabwa ana ogulitsa masau,
anadzudzula munda wa munthu wosadziwa kupalira.
Kenako zii.
Tikukwera mtunda, mphepo ya kwathu itayamba kuluma,
chinthu cholemera chinatera paphewa panga,
chofunda, chonunkhira mankhwala a kuchipatala.

Mtumbira umaletsa chiuno.
Tulo suletsa.

Ndinachepetsa moto.
Dzenje lililonse ndinalizungulira ngati manda,
hutala sindinaimbe ngakhale kwa ng'ombe,
phewa linachita dzanzi, ndinalisiya.
Njinga zakapalasa zinatipitirira.

Tinafika nyenyezi zitatuluka.
Anadzidzimuka galu atauwa,
anakonza duku, natsika ngati palibe chachitika.
Anaweramira chishalo ndi diso lawo latsopanolo,
nachisisita pamtumbira paja nthawi yaitali,
kenako anauza mwana wawo, ine ndili pomwepo:

Amuna akowa akamuuze wosoka uja,
msoko wake ngwokhota.
Koma asausule.
Diso linali akuti mwezi wamawa.